Kodi bungwe ngati UN ungalitengere kukhoti?

Tadala: Moni nonse pagulu pano. Ndili ndi funso lomwe landisowetsa mtendere sabata yonse ino. M'kalasi tayamba phunziro la malamulo a pakati pa mayiko, ndiye aphunzitsi anati bungwe la United Nations ndi munthu pamaso pa lamulo. Ndinalemba m'kope koma mutu sunagwire. Si dziko, lilibe nzika, lilibe malire, lilibe ngakhale msilikali mmodzi wakewake. Nanga umunthu wakewo ukuchokera pati? Ndipo ngati ndi munthudi, likakulakwira ungalisumire ngati mmene ungachitire ndi munthu wina aliyense? Odziwa ndithandizeni chonde.

Yamikani: Ndiponyepo langa asanayankhe akuluakulu. FIFA nayo ili m'gulu lomweli? Paja ili ndi mamembala 211 pomwe UN ili ndi 193.

Bambo Gondwe: Tadala mwanawe, wafunsa funso lomwe linavutitsa oweruza akuluakulu mu 1949, choncho usadandaule kuti mutu sunagwire tsiku limodzi. Koma ndiyambe ndi la Yamikani chifukwa litilambulira njira.

Tikamati bungwe la mayiko, pa lamulo timanena bungwe lomwe maboma alikhazikitsa kudzera m'pangano, lomwe lili ndi nthambi zake zotha kupanga chiganizo chomwe si cha boma limodzi, ndipo limayendera malamulo a pakati pa mayiko osati a dziko limodzi. FIFA sikwana pamenepo. Mamembala ake ndi mabungwe a mpira, si maboma, ndipo inalembetsedwa pansi pa malamulo a Switzerland ngati gulu wamba. N'chifukwa chake mu May 2015 apolisi a Switzerland anatha kumanga akuluakulu ake pa hotela ina ku Zurich, n'kukatenganso zikalata ku likulu lake tsiku lomwelo. Ku maofesi a UN ku Geneva, m'dziko lomwelo la Switzerland, wapolisi sangaponde popanda chilolezo cha eni ake. Kusiyana kwake ndi kumeneko, kuchuluka kwa mamembala kulibe ntchito.

Yamikani: Ndamva bambo. Nanga Red Cross?

Bambo Gondwe: Imeneyo ndi ya payokha. Komiti yake ya ku Geneva inayamba mu 1863 ndi anthu asanu, mmodzi wa iwo Henry Dunant amene anaona ovulala atasiyidwa pabwalo la nkhondo ku Solferino mu 1859. Chibadwire chake ndi gulu la pansi pa malamulo a Switzerland, koma mapangano a Geneva a 1949 anaipatsa ntchito zomwe maboma ayenera kulemekeza, monga kuyendera akaidi ogwidwa pankhondo. Ndiye imakhala pakati, si bungwe la maboma komanso si bungwe wamba. Palinso ena omwe amamveka kwambiri pawailesi koma alibe pangano lowakhazikitsa, monga G7 ndi G20. Amenewo ndi misonkhano chabe. G20 ilibe ngakhale ofesi yokhazikika, dziko lomwe lili pampando chaka chimenecho ndi lomwe limasenza zonse.

A Mbewe: Pepani ndilowerere, ine si wa malamulo, ndinagwira ntchito ya positi zaka zambiri mpaka kupuma. Anthu akamva za mabungwe a mayiko amathamangira UN, koma ife a makalata lathu ndi lakale kuposa pamenepo. Pa 9 October 1874 mayiko 22 anasainirana pangano ku Bern, ndipo ndi lomwe linabereka Universal Postal Union. Pangano limenelo lisanabwere, kalata yodutsa mayiko atatu inkafuna kuwerengera mtengo wa dziko lililonse, malingana ndi njira yomwe yadzera, ndipo dziko lililonse linkayenera kupangana ndi linzake paokhapaokha. Atakhala pansi anati ayi, pa nkhani ya makalata tonse tikhale ngati dziko limodzi. Umata sitampa ya kwanu, wa kutsidya aifikitse pakhomo osafunsanso kanthu kwa wolandira.

Ine ndinkaziona ndi maso. Thumba likafika kuchokera kunja limakhala ndi kachikwangwani kolembedwa chimodzimodzi ngakhale lichokere kuti, mafomu ake ali ndi Chifalansa pamwamba chifukwa ndicho chilankhulo cha bungwelo, ndipo tizomata ta buluu tija timalembedwa par avion. Munthu amene wamanga thumbalo simudzaonana naye mpaka kufa, chinenero chake sumachimva, koma wamanga ndendende mmene iwe unaphunzitsidwira. Ndikamamva anthu akuti mabungwe amenewa ndi opanda ntchito ndimakumbuka matumba aja.

Bambo Gondwe: Zikomo a Mbewe, mwatifikitsa pa muzu. Mabungwe oyamba sanabadwe chifukwa cha maloto a mtendere ayi, anabadwa chifukwa cha zinthu zomwe sizidziwa malire. Loyambirira lomwe likadalipo mpaka lero ndi komiti yoyang'anira kayendedwe ka sitima pa mtsinje wa Rhine, yomwe inachokera ku msonkhano wa ku Vienna wa 1815. Mtsinje umodzi, mayiko angapo, aliyense akutchinga n'kumadula msonkho wake. Kenako la matelegalamu mu 1865 ku Paris, lomwe lero ndi ITU. Waya ukafika pamalire, uthenga unkayenera kulembedwa papepala, kuwolotsedwa pamanja, n'kuutumizanso tsidya linalo. Maboma anaona okha kuti msonkhano wa apo ndi apo sukukwanira, pakufunika ofesi yokhazikika, alembi ake, ndi ndalama zake. Ofesi ikangokhala ndi antchito ndi ndalama, funso la Tadala limabadwa: nyumbayi walipira lendi ndani, kontrakitiyi wasaina ndani, akalakwa timugwire ndani?

Mavuto K: Za makalata ndi mawaya sindikutsutsa. Koma tikafika pa ndale, tisanamizane, mabungwe amenewa ndi zida za amphamvu. Taonani League of Nations, bungwe lomwe linalipo UN isanabadwe. Inayamba mu January 1920 ndi lonjezo loti wina akaukira membala mmodzi onse adzaimirira. Amene anailimbikitsa kwambiri, Woodrow Wilson, pulezidenti wa America, dziko lake lomwe silinalowe chifukwa aphungu a Senate anakana. Japan italowa ku Manchuria mu 1931 anangotumiza ofufuza, Japan n'kutuluka m'bungwemo mu 1933. Ndiye ya Ethiopia ndi yomwe imandiwawa. Ethiopia inali membala kuyambira 1923. Italy itaiukira mu 1935, zilango zomwe anaika sizinakhudze mafuta, ndipo ngalande ya Suez yomwe sitima za Italy zinkadutsa sinatsekedwe. Pa 30 June 1936 Haile Selassie, mfumu ya Ethiopia, anaima yekha ku Geneva kufotokoza mmene anthu ake ankaphedwera ndi mpweya wa poizoni. Patangotha masabata awiri zilango zija anazichotsa. Umunthu wa pa lamulo unamuthandiza chiyani?

Chisomo: Achimwene Mavuto, zimenezo n'zoona ndipo palibe angazikane. Koma League yomweyo inasiya zinthu zomwe zikugwirabe ntchito. ILO, bungwe loona za ntchito, inabadwira m'pangano la Versailles lomwe linabereka League mu 1919 ndipo ilipo mpaka lero, ndi kachitidwe kake kachilendo kuti dziko lililonse limatumiza nthumwi ziwiri za boma, imodzi ya olemba ntchito, imodzi ya ogwira ntchito, aliyense n'kuvota payekha.

Mavuto K: Achemwali, nanga UN yasintha chiyani? Pa 26 June 1945 ku San Francisco anasaina mayiko 50, Poland n'kudzawonjezera pambuyo kukhala 51. A mu Africa analipo anayi okha, Egypt, Ethiopia, Liberia ndi South Africa. Ena onse anali m'manja mwa atsamunda. Malamulo analembedwa eni ake ambiri kulibe, ndipo mayiko asanu anadzipatsa mpando wosachoka ndi mphamvu yokana chilichonse mu Security Council. Mu 1960 mokha munalowa mayiko 16 a mu Africa, koma chomwe chinasintha n'chakuti mipando inachoka pa 11 kufika pa 15 mu 1965, asanu aja ali pomwepo. Africa inagwirizana ku Ezulwini mu 2005 kuti ikufuna mipando iwiri yosachoka. Mpaka lero tikudikira. Ndipo kuti lamulo limenelo lisinthe, asanu omwewo ayenera kuvomera onse. Ku IMF ndiye osanena, voti imayenda ndi ndalama zomwe waikamo. America ili ndi mavoti oposa 16 pa 100 alionse, pomwe ziganizo zikuluzikulu zimafuna 85. Werengani nokha.

Bambo Gondwe: Mavuto, pa manambala sunaname. Ine pomwe ndikusiyana nawe ndi pa mawu oti chida. Chida sichimuyankha mwini wake. Mabungwe amenewa nthawi zina amayankha, ndipo lamulo linawapatsa pakamwa. Apa ndiye ndiyankhe Tadala.

Pa 17 September 1948, Folke Bernadotte wa ku Sweden, amene UN inamutuma kukakhala mkhalapakati ku Palestine, anawomberedwa m'galimoto ku Jerusalem ndi gulu la zigawenga la Lehi. Anafera limodzi ndi msilikali wa ku France, André Serot, amene anakhala naye pampando wakumbuyo. Kufikira nthawi imeneyo lamulo linkati munthu akaphedwa kunja, amene angadandaule ndi dziko lake basi, chifukwa ndi mayiko okha omwe ankatengedwa kuti ali ndi ufulu ndi udindo pa malamulo a pakati pa mayiko. Koma Bernadotte sanatumidwe ndi Sweden. Ndiye msonkhano waukulu wa UN unafunsa khoti la UN la ku The Hague kuti, kodi bungweli lingathe kudandaula palokha n'kufuna chipukuta misozi?

Pangano lokhazikitsa UN silinanene poyera za zimenezi. Ndime 104 imangokamba zoti bungweli lizitha kuchita zinthu mwalamulo m'dziko la membala aliyense, monga kugula malo ndi kusaina makontrakiti. Pa 11 April 1949 oweruza anati tiyang'ane ntchito zomwe mayiko analipatsa. Analiuza kusungitsa mtendere, kupanga mapangano, kutumiza anthu kumalo oopsa. Sungamutume munthu ntchito yotere n'kumumana manja oigwirira. Choncho anagamula kuti UN ili ndi umunthu wake pa lamulo, wosiyana ndi wa mamembala ake. Anachenjezanso pomwepo kuti zimenezi sizikutanthauza kuti ndi dziko, kapena boma loposa maboma. Chomwe chinadabwitsa ambiri n'chakuti anati umunthuwo ukugwira ntchito ngakhale kwa dziko lomwe si membala, ndipo Israel, yomwe inkalamulira dera lomwe Bernadotte anaphedwera, panthawiyo inali isanalowe. Mu 1950 Israel inalipira UN madola 54,628.

Ndiye Tadala, umunthuwo ndi wobwereka. Dziko limatha kuchita chilichonse chomwe lamulo silinaletse. Bungwe limatha kuchita zokhazo zomwe linapatsidwa, kuphatikiza zomwe sizingalephere kuti ntchito yakeyo itheke. Bungwe la zaumoyo la WHO litafunsa khoti lomwelo mu 1993 ngati kugwiritsa ntchito mabomba a nyukiliya n'kololedwa, khoti linakana kuyankha mu 1996, linati inu ntchito yanu ndi zaumoyo, funso limeneli si la m'munda mwanu. Funso lofanana nalo litachokera ku msonkhano waukulu wa UN, analiyankha tsiku lomwelo.

Tadala: Apa ndiye kwandiyera bambo, zikomo. Ndiye kuti UN ingathe kudandaula ikalakwiridwa. Nanga mbali inayo, iyo ikalakwa?

A Nachisale: Mwana wanga Tadala, mbali inayo ndikuuze ine, chifukwa ndinaiona ndi maso. Ndakhala ndikungowerenga koma apa mtima wakana kukhala chete.

Bambo a kunyumba kwanga anayendetsa galimoto zaka zisanu ndi zinayi ku bungwe lina la mayiko, dzina sinditchula. Chaka chilichonse ankasaina kontrakiti ya miyezi 11, kupuma mwezi umodzi, kusainanso. Tsiku lina akuchokera kumudzi komwe anakasiya katundu wa bungwelo, tayala linaphulika, galimoto n'kugubuduka. Mwendo wamanja unathyoka pawiri. Kuchipatala anawalipirira ndithu, sindinama. Koma kontrakiti itatha sanawaitanenso, ndipo mwendo uja sungapondenso buleki. Tinapita ku khoti la za ntchito. Tinakhala pabenchi kuyambira m'mawa, iwo ndodo zawo atazitsamiritsa kukhoma, mapepala onse ndawaika mu envelopu ya khaki. Mlandu utaitanidwa, kumbali ya bungwe kunalibe munthu. Kunangobwera kalata ya tsamba limodzi yochokera ku unduna woona za ubale ndi mayiko akunja, yodindidwa bwinobwino. Woweruza anaiwerenga, anavula magalasi, n'kutiuza mofatsa kuti khoti lake lilibe mphamvu pa bungwe limeneli. Sizinathe mphindi khumi. Sanatiuze kuti talakwa, sanatiuzenso kuti takhoza. Palibe amene anamva nkhani yathu n'komwe. Chimandipweteka n'chimenecho kuposa ndalamazo.

Chisomo: Pepani kwambiri mayi. Bambowo ali bwanji pano?

A Nachisale: Akuyenda ndi ndodo imodzi tsopano, zikomo mwanangu.

Mavuto K: Pepani mayi. Akulu anati khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndi zimenezi. A Gondwe, umunthu wake ndi wotani wotha kulandira chipukuta misozi koma osatha kusumiridwa?

Bambo Gondwe: A Nachisale, pepani. Zomwe mwafotokozazi ndi bala lenileni la nkhani yonseyi, ndipo sindiliphimba.

Chitetezo chimenechi, kwa UN, chimachokera mu ndime 105 ya pangano lake komanso m'pangano lina la pa 13 February 1946. Gawo 2 la panganolo limati bungweli ndi katundu wake sizingazengedwe mlandu wa mtundu uliwonse pokhapokha lokha litavomera. Maofesi ake salowedwa, zikalata zake sizigwidwa, silidulidwa msonkho. Mabungwe ena ali ndi mapangano awo ofanana ndi amenewa, kuphatikiza pangano lomwe amasainirana ndi dziko lomwe amangamo ofesi. Koma anthu amaiwala kuti m'pangano lomwelo muli gawo 29, lomwe limalamula UN kukonza njira zoyenera zothetsera madandaulo a anthu wamba. Amene analemba sanafune kuti munthu asowe kolowera. Anati usapite ku khoti la dziko, koma khomo lina likhalepo. Vuto ndi loti khomo linalo nthawi zambiri limakhala lotseka, ndipo palibe amene angalikakamize kutseguka.

Haiti ndi umboni. Mu October 2010 kolera inabuka m'dziko lomwe linali lisanaione kwa zaka pafupifupi 100. Ofufuza anailondola mpaka pa msasa wa asilikali osungitsa mtendere ochokera ku Nepal, pafupi ndi Mirebalais, pomwe zonyansa za m'zimbudzi zinkalowa m'kamtsinje kothira mu Artibonite, mtsinje womwe anthu amamwa. Anafa anthu pafupifupi 10,000, odwala kuposa 800,000. Mu 2011 anthu 5,000 anapereka madandaulo awo ku UN motsata gawo 29 lija. Mu February 2013 anayankhidwa kuti madandaulowo sangalandiridwe chifukwa akukhudza ndale ndi mfundo za kayendetsedwe ka ntchito. Anapita ku khoti ku New York, anagonja mu 2015, apilo n'kugonjanso mu August 2016. Oweruza anati ngakhale UN italephera kutsegula khomo la gawo 29, chitetezo cha gawo 2 chikhalabe. Mu December 2016 Ban Ki-moon, mlembi wamkulu wa UN panthawiyo, anapepesa anthu a ku Haiti n'kulengeza thumba la madola 400 miliyoni, koma linali lodalira zopereka za mwakufuna kwa mayiko, ndipo zomwe zinasonkhedwa zinali zochepa kwambiri poyerekeza ndi lonjezolo.

Dalitso: Ndalowa mochedwa koma ndawerenga zonse. Mayi Nachisale pepani. Ndikufuna ndinene mbali yomwe sinanenedwe, osati kuti ndichepetse zanuzo. Tiyerekeze chitetezocho chachotsedwa mawa. Boma lililonse lomwe lakwiya ndi lipoti la bungwe lingouza khoti lake kuti litseke akaunti, ligwire magalimoto, limange wolemba lipotiyo. Ndani angapite kukafufuza za kuphedwa kwa anthu m'dziko lomwe oweruza ake amalandira malamulo pa foni? Ndipo amene angapindule kwambiri ndi mayiko omwe muli malikulu, chifukwa makhoti awo ndi omwe angamalamulire bungwe la anthu onse. Ngakhale pano chitetezo chilipo amayesabe. Mu 1988 America inamumana viza Yasser Arafat, mtsogoleri wa anthu a ku Palestine, ngakhale pangano la 1947 la likulu la ku New York limati oitanidwa ndi UN asatsekerezedwe. Msonkhano waukulu unanyamuka wonse kukakumana ku Geneva kuti akamumve. Ntchito ngati yothetsa nthomba, yomwe WHO inalengeza mu 1980 kuti yatheratu padziko, inafuna anthu olowa m'mayiko odana okhaokha popanda kuopa kugwidwa.

Mavuto K: Achimwene, dalaivala wothyoka mwendo akuopseza ufulu wa bungwe pati? Mayi wa ku Haiti amene mwana wake wafa ndi kolera akusokoneza ntchito yanji?

Dalitso: Pamenepo sindikutsutsa. Ndikungoti mankhwala ake si kugwetsa mpanda wonse.

Bambo Gondwe: Nonse awiri mwagwira mbali imodziimodzi ya chinthu chimodzi, ndipo makhoti ena ayamba kufunafuna pakati pake. Mu 1999 khoti la ku Ulaya la ufulu wa anthu la ku Strasbourg, pa mlandu wa Waite ndi Kennedy omwe ankagwira ntchito ku bungwe la ku Ulaya loona za mlengalenga, linati poona ngati chitetezo chili chololeka tiyenera kufunsa ngati wodandaulayo ali ndi njira ina yomveka yopezera chilungamo. Awiriwo anagonja, koma mfundoyo inatsala, ndipo makhoti ena a ku Ulaya aigwiritsapo ntchito kukana chitetezo cha mabungwe omwe analibe njira yotere. Koma itafika pa UN yeniyeni, khoti lomwelo linabwerera m'mbuyo. Amayi a ku Srebrenica ku Bosnia, komwe amuna ndi anyamata pafupifupi 8,000 anaphedwa mu July 1995 m'dera lomwe UN inati ndi lotetezedwa, anauzidwa mu 2013 kuti UN singasumiridwe. Anatembenukira boma la Netherlands lomwe asilikali ake anali pamalopo, ndipo mu 2019 khoti lalikulu la kumeneko linati bomalo lili ndi gawo la 10 pa 100 pa imfa za amuna pafupifupi 350 omwe anatulutsidwa mu msasa.

Kwina komwe mpanda unang'ambika pang'ono ndi ku America mu February 2019. Asodzi a ku Gujarat ku India, motsogozedwa ndi Budha Ismail Jam, anasumira IFC, nthambi ya World Bank, yomwe inabwereketsa madola 450 miliyoni omangira malo opangira magetsi a malasha ku Mundra. Ankati madzi otentha otuluka pamalopo athawitsa nsomba ndipo zitsime zalowa mchere. Khoti lalikulu linagamula kuti chitetezo cha mabungwe otere pansi pa lamulo la America la 1945 si chopanda malire, n'chofanana ndi cha maboma akunja, omwe amasumiridwa akamachita malonda. Asodziwo pamapeto pake anagonjabe, makhoti atati zomwe zinawapwetekazo zinachitikira ku India osati ku America.

Yamikani: Nanga bwanji osangosumira mayiko omwe ali mamembala? Si iwo analipanga?

Bambo Gondwe: Anayesapo. Panali bungwe la mayiko loyang'anira mtengo wa chitsulo cha tin, likulu lake ku London. Linkagula chitsulocho ndi ndalama za ngongole kuti mtengo usagwe, mpaka mu October 1985 linalephera kulipira, ngongole itafika mapaundi mamiliyoni mazanamazana. Mabanki anathamangira mayiko omwe anali mamembala. Mu 1989 khoti lalikulu la Britain linati ayi, bungwelo ndi munthu payekha, ngongole yake si ya mamembala. Waona tsono Yamikani, umunthu womwe uja unathandiza UN pa nkhani ya Bernadotte ndi womwewo umene maboma amabisalako zinthu zikavuta. Mu 2011 akatswiri a malamulo a UN anamaliza kulemba mfundo zonena kuti bungwe likaphwanya lamulo liyenera kukonza cholakwacho, koma mfundozo si pangano, ndipo sizinakhazikitse khoti loti munthu wamba apiteko. Ku The Hague nako amazenga milandu ya mayiko okhaokha, bungwe silingasumire kapena kusumiridwa kumeneko, lingangopempha uphungu.

Mavuto K: Ndipo khoti likapezeka loti munthu wamba apiteko, maboma amalipha. Khoti la SADC ku Windhoek linagamula mu 2008 mokomera Mike Campbell ndi alimi anzake pa nkhani ya minda ku Zimbabwe. Kaya munthu umagwirizana ndi chigamulocho kaya ayi, chomwe chinatsatira n'choopsa. Mu 2010 atsogoleri analiimitsa, kenako n'kugwirizana kuti likadzabwerera lizidzangomva milandu ya pakati pa maboma. Anthu a m'chigawo chonse analandidwa khomo chifukwa boma limodzi linagonja.

Chisomo: Imeneyo imandiwawa inenso. Komabe onani ku Ulaya, khoti la mgwirizano womwe lero ndi European Union linanena kale mu 1963 kuti munthu wamba angathe kudalira pangano la mgwirizano wawo m'khoti la kwawo, ndipo zakhala choncho mpaka lero. Ndiye kuti n'zotheka maboma akafuna.

Tadala: Funso lomaliza kwa ine bambo. Dziko likatopa nalo bungwe lingangotuluka?

Bambo Gondwe: Zimatengera pangano. La European Union lili ndi ndime 50, yomwe Britain inadzera potuluka pa 31 January 2020. Morocco inatuluka mu OAU, bungwe lakale la mayiko a mu Africa, mu 1984 pa nkhani ya Western Sahara, n'kudzalowa mu African Union mu 2017. La UN lilibe ndime yotulukira, analisiya dala choncho atakumbukira mmene League inakhuthukira. Indonesia yokha ndi yomwe inalengeza kuti yatuluka, mu January 1965, koma itabwerera mu September 1966 onse anangochita ngati inangosiya kubwera kumisonkhano.

Koma ndibwerere kwa a Nachisale, chifukwa sindikufuna nkhani yawo imire m'mbiri zathuzi. Mayi, kontrakiti ija mukadali nayo? Chofunika kudziwa choyamba n'chakuti bambowo ankawerengedwa ngati wantchito weniweni wa bungwe kapena wa kontrakiti chabe. Antchito enieni amakhala ndi khoti la m'kati. A UN ali ndi lawo lomwe linakonzedwanso mu 2009, ndipo mabungwe ena ambiri amagwiritsa ntchito la ILO ku Geneva. Kungoti masiku odandaulira amakhala ochepa, ku UN ndi 60 okha pa sitepe yoyamba. A kontrakiti nthawi zambiri saloledwa kumeneko, m'malo mwake chakumapeto kwa pepala kumakhala ndime yonena kuti mkangano udzapita kwa oweruza apadera osankhidwa ndi mbali ziwirizo. Muonenso ngati patchulidwa inshuwalansi ya ngozi ya pantchito, chifukwa kampani ya inshuwalansi ilibe chitetezo chomwe bungwe lili nacho.

A Nachisale: Dikirani ndikatsegule sutikesi.

A Mbewe: Fufuzani bwino mayi, mlandu suwola. Ngakhale makalata omwe munkalemberana nawo musataye, ndi maenvelopu omwe, chidindo cha deti chija chimathandiza.

A Nachisale: Ndaipeza, ili mu envelopu yomwe ija ya khaki. Masamba anayi. Pa tsamba lachitatu pali ndime yomwe mukunenayo a Gondwe, ya oweruza apadera, ndipo pansi pake alemba kuti palibe chilichonse m'kontrakitimu chomwe chikuchotsa chitetezo cha bungwe. Za inshuwalansi zilipo pa tsamba lomaliza, tizilembo ting'onoting'ono, sitinaziwerengepo n'kale lonse. Koma oweruza apaderawo amawalipira ndani?

Bambo Gondwe: Kawirikawiri mbali zonse ziwiri zimayamba zaikapo ndalama, ndipo n'chifukwa chake anthu ambiri a kontrakiti amagwa mphwayi, mtengo wake umatha kuposa zomwe akudandaulazo. Tiyambe ndi tsamba lomalizalo. Mundiwerengere dzina la inshuwalansiyo kumbali, osati pagulu pano, komanso ngati atchula nthawi yoperekera dandaulo. Lipoti la apolisi la ngoziyo ndi makalata a kuchipatala zilipo?

A Nachisale: Za kuchipatala zilipo zonse. Lipoti la apolisi linatengedwa ndi a ku ofesi tsiku lomwelo, sanatibwezere.

Tadala: Mayi, ku sukulu kwathu kuli aphunzitsi omwe amathandiza anthu pa nkhani za malamulo kwaulere Lachitatu lililonse. Mukalola ndingawaonetse mapepalawo, ndipo kope la lipotilo tingakalipemphe kupolisi komwe ngoziyo inalembedwa.

A Nachisale: Ndalola mwanangu. Kuno kwada, foni yanga sijambula bwino usiku. Mawa kukacha ndijambula masamba onse anayi ndikutumizire, ndiyambe ndawauza bambowo akadzuka.